Tiyeni, Ba Yesu

Anthu anayamba kuseka Felistus asanamalize ngakhale tsamba loyamba.

Linali Lamlungu la chikondwerero cha pachaka pa tchalitchi chawo cha Pentekosite, chija cha malata chili kuseri kwa njanji mu Kafue. Pa tchalitchipo pali mwambo woti chaka chilichonse achinyamata amalemba nkhani zazifupi zokhudza chikhulupiriro, n'kudzaziwerenga okha kutsogolo. Imene akulu a mpingo aisankha imasindikizidwa m'kabuku ka chikondwererocho, ndipo banja lililonse limapita nako kunyumba.

Felistus anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wogulitsa nsomba pamsika. Nkhani yake inali ya amayi ake, Ba Olipa, amene anamwalira chaka cham'mbuyocho. Atafika pamene mayiyo akuuza mwana wake kuti malonda atha, anakweza mawu monga amachitira alaliki.

"Ndipo mkaziyo anatsegula pakamwa pake nati, Indetu mwana wanga, taona, milamba yatha; tiyeni tinke kwathu."

Wina kumbuyo anaphulika. Mayi wina anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma zinakanika.

"Ba Olipa? Indetu?" anatero bambo wina osatsitsa n'komwe mawu. "Baja benze kukuwa 'Fuleshi! Fuleshi!' pa maketi?"

Basi tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. Abusa anagogoda pa guwa, koma nawonso mapewa awo ankagwedezeka. Felistus anawerenga masamba awiri otsalawo akuyang'ana pansi. Atamaliza anakakhala pampando wake.

Inu mukuwerenganu, mwina mukuti kusekedwa n'chiyani, munthu safa nako. Dikirani ndikuuzeni chimene chinamuimiritsa mtsikanayu kutsogolo kuja.

Ba Olipa anapemphera pa tchalitchi chimenechi zaka khumi ndi zisanu, ndipo zaka zonsezo ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, poopa kuti fungo la nsomba lingavutitse anzawo. Sanaimepo kupereka umboni. Sanali wa malilime, sanali wa kwaya. Atadwala, anthu anabwera katatu kudzawapempherera, kufuula mpaka mawu kusasa, koma iwo sanachire.

Pamaliro pawo, Felistus akudutsa kuseri kwa nyumba, anamva amayi awiri a mumpingo akutsuka mbale.

"Sembe benze na chikhulupililo, sembe banapola," anatero mmodzi.

"Eee, mwandi. Munthu wosakambako olo umboni umozi."

Mawu amenewo anamukhala pamtima. Tsiku lomwelo analumbira kuti dzina la amayi ake lidzalowa m'kabuku kaja, lidzalowa m'nyumba iliyonse ya mpingo, ndipo amayi awiri aja adzaliwerenga ndi maso awo. Iye sukulu analekera giredi naini pamene amayi ake anayamba kudwala, ndiye polemba anaganiza kuti nkhani ya Mulungu singalembedwe m'Chinyanja cha pamsika. Anasonkhanitsa mawu onse akuluakulu amene ankawamva pa guwa n'kuwaika m'kamwa mwa amayi ake, kuti awaveke ulemu. M'malo mwake anawasandutsa choseketsa.

Tsiku limenelo anapambana ndi Purity.

Ha, Purity! Felistus sankafuna n'kulimva komwe dzinalo. Anaphunzira kalasi limodzi, benchi imodzi, ndipo pa ndime za Chinyanja Felistus ndiye ankamuposa. Koma Purity anapitiriza mpaka giredi thwelofu, anapeza ntchito yotaipa makalata ku Boma, ankayenda ndi nsapato zogogoda komanso kachikwama kapaphewa. Amayi a Purity anali moyo, onenepa bwino, ndipo ankakhala kutsogolo kwenikweni akugwedeza mutu mwana wawo akamawerenga.

Nkhani ya Purity inali ya mayi amene bwato linamugudubukira pa mtsinje wa Kafue, ndipo mwadzidzidzi kunawala, mwadzidzidzi mngelo anamugwira dzanja. Anthu anaimirira, ena analira, ma "Ameni" anadzaza malata.

Musamanamizane kuti nsanje ndi ya akazi apamitala okha. Nsanje ya wolemba ndi yoopsa, chifukwa imawerenga. Felistus anatenga kabuku kaja n'kuwerenga nkhani ya Purity kasanu, akufunafuna polakwika. Sanapapeze, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa. Lolemba m'mawa anang'amba masamba a nkhaniyo n'kuwaika pa mulu wa mapepala okulungira nsomba.

Ndiye taonani mmene zinthu zimachitikira. Masana omwewo, amene anaima pa tebulo lake kudzagula mlamba anali Purity.

Felistus sanaganize kawiri. Anasankha mlamba wonona, wotuluka mafuta, n'kuukulunga bwinobwino m'tsamba limene panali dzina la Purity m'zilembo zazikulu. Anaupereka ndi manja awiri.

Purity anayang'ana phukusilo, anaona dzina lake likunyowa, n'kumwetulira pang'ono.

"Yagwilako nchito," anatero.

Felistus anathamangitsa ntchentche pa nsomba zake.

"Feli, nikuuzeko chinthu?" anapitiriza Purity. "Ine nenze kugula nsomba kuli ba mai bako kuchokela nili mwana. Sibenze kukamba 'indetu'. Lemba mwamene benze kukambila."

"Ufuna baniseke futi?"

"Awe, si so."

"Nikuziba iwe. Ufuna nibwele na chi Nyanja cha pa maketi kutsogolo kwa Ba Pasita, iwe ubwele na bangelo bako. Yenda, nsomba izaola."

Purity anachoka, nsapato zake zikugogoda. Felistus anamuperekeza ndi diso mpaka anakhota pa mashopu. Mumtima anali atatsimikiza kuti umenewu ndi msampha.

Chaka chachiwiri anabwera ndi nzeru ina. Anati ngati chimene anthu amafuna ndi cha Purity, ndiye adzawapatsa cha Purity chomwecho, mowirikiza. Anabwereka timabuku ta zaka zam'mbuyo n'kuphunzira mmene mnzakeyo amalukira nkhani: amayamba ndi mavuto, amalowetsa pemphero lofuula, kenako "mwadzidzidzi". Purity akaika "mwadzidzidzi" kawiri, Felistus anamuika kasanu ndi kawiri.

M'nkhani yatsopanoyo Ba Olipa ali gone pa mphasa, mwadzidzidzi chipinda chinadzaza kuwala. Mwadzidzidzi anadzuka n'kuyamba kulankhula malilime. Mwadzidzidzi angelo anayi anatsika kudenga, ovala zoyera mbee, n'kuwanyamula akuimba.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chinachitika. Felistus analipo tsiku limene amayi ake anatsirizika, ndipo ankadziwa.

Ulendo uno palibe anaseka. Anthu anamvetsera mwaulemu, mkulu wina wa mpingo anawodzera pang'ono, ndipo pomaliza anaomba m'manja monga amaombera munthu akamaliza kulengeza za msonkhano wa amayi. Purity anapambananso, ndi nkhani ya dalaivala wa minibasi amene mabuleki anamuthera pa msewu wa ku Lusaka.

Potuluka, pakhomo Felistus anakumana ndi Ba Ackson, bambo wachikulire wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni. Makolo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo ndi amene ankakonza njinga ya Ba Olipa zaka zonse.

"Nkhani yabwino, mwana wanga," anatero akumugwira dzanja. "Koma uja mzimai ni ndani? Ine sinimuziba."

Sananene mwachipongwe. Ankafunsadi. Felistus akanakonda kusekedwanso kusiyana ndi funso limenelo.

Anafika kunyumba, anaponya kope lake pansi pa bedi, n'kunena kuti zolemba zatha. Miyezi isanu ndi umodzi sanagwire cholembera. Kutchalitchi ankapita, koma anayamba kukhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pomwe paja. Kuchokera pamenepo ankaona bwino mutu wa Purity kutsogolo, tsitsi lopangidwa kusaluni, ndipo nthawi ya pemphero ena akamatseka maso iye ankangoliyang'ana tsitsilo. Ankadziwa kuti ndi tchimo. Ankalapa Lamlungu, Lolemba n'kuyambiranso.

Chimene chinasintha zinthu sichinatsike kumwamba. Inali galimoto yakutha.

Felistus ankatenga nsomba kwa bambo wina amene ankazibweretsa pa kagalimoto kuchokera ku Chanyanya, kumudzi kwa asodzi kumtsinje. Kagalimotoko kanafa, sabata yathunthu tebulo lake linali mbee. Ndiye anatulutsa njinga ya amayi ake imene inangokhala kuseri kwa chitseko chimwalirireni eni ake, n'kuikankha mpaka kwa Ba Ackson.

Mkuluyo anaizindikira ili patali. Anamata machubu, anathira mafuta pa tcheni, anamanga kaliya ndi malegeni atsopano. Atamaliza anaimenya pa chishalo n'kuseka.

"Tiyeni, Ba Yesu!"

Felistus anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamva.

"Ba Ackson, musakambe so."

"Chifukwa? Si ndiye mwamene benze kukambila ba mai bako? Nikangobapatsa njinga so, bakwela, 'Tiyeni, Ba Yesu.' Tsiku lililonse."

"Niziba. Nenze kumvela nsoni. Munthu ungakambe na Ambuye monga ukamba na kondakita?"

Ba Ackson anapukuta manja pa kansanza.

"Naine nenze kuganiza so. Tsiku lina n'nabafunsa, nati, Ba Olipa, imwe simupemphela monga banzanu, mokuwa? Banati, 'Nanga nizibakuwila monga bali kutali? Si aba bali pano?'"

Felistus anatenga njinga n'kumapita, koma mawuwo anapita naye.

M'mawa mwake kutangocha anauyamba wa ku Chanyanya. Kupita kunali kosavuta, dengu lili lopanda kanthu, mphepo ikumuomba kumaso. Anasankha nsomba m'mabwato, anazithira madzi, anaphimba ndi masaka onyowa n'kumanga ndi malegeni. Pobwerera ndi pamene anadziwa chimene amayi ake ankachita zaka makumi awiri.

Dzuwa linali pamutu. Dengu linkakokera njinga kumbali. Atafika pamalo ena a mchenga, matayala anangomira, ndipo anatsika n'kuyamba kukankha. Patapata inaduka. Thukuta linkalowa m'maso, msana unkaotcha, ndipo patsogolo panali mchenga wokhawokha. Anaima, anatsamira pa handulo, ndipo mawu anangotuluka okha m'kamwa mwake.

"Kankhani, Ba Yesu, ine nalema."

Anadzidzimuka. Amenewo sanali mawu ake. Anawamva ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pa chitsulo cha njinga yomweyi, pa mchenga womwewu, amayi ake akupuma mwa befu kumbuyo kwake. Sankawanena molira kapena mofuula. Ankawanena monga mmene umauzira mnzako amene mwanyamula naye katundu mmodzi.

Kenako anakumbukira mawu omaliza amene amayi ake ananena m'mawa umene anatsirizika. Mawu amenewo sanauzepo munthu. Ankaganiza kuti kunali kubwebweta kwa matenda, ndipo n'chifukwa chake anawakwirira ndi angelo anayi. Tsopano, ali pakati pa mchenga, anawamvetsa.

Anagoneka njinga, anakhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kulira mpaka bambo wina wodutsa ndi ngolo anaima kufunsa ngati waberedwa.

Sabata yomweyo anasolola kope pansi pa bedi.

Musaganize kuti zinangoyenda. Ankalembera pa tebulo la nsomba, kasitomala akachoka, wina asanabwere, kope lili pa bondo. Masamba ankadetsedwa ndi mamba. Anadziikira lamulo limodzi: liwu lililonse limene silinakhalepo m'kamwa mwa amayi ake lisalowe m'kamwa mwawo papepala. Akalemba chiganizo ankachinena mokweza, ndipo chikamveka ngati cha pa guwa ankachikhwatcha. Amayi ogulitsa tomato pafupi naye anayamba kunong'onezana kuti mwana wa Ba Olipa wayamba kuyankhula yekha.

Anasiya kulemba kuti amayi ake anali olimba mtima, n'kulemba za zidendene zawo zong'ambika zimene ankazipaka mafuta a galimoto. Pamene poyamba akanalemba kuti anali achifundo, analemba za mlamba umodzi umene tsiku lililonse ankaubisa pansi pa saka, wa mayi wakhungu wa pa siteshoni. Dzina la Mulungu, limene kale ankaliwaza pa mzere uliwonse ngati mchere, tsopano linangotuluka katatu m'nkhani yonse, ndipo katatu konseko linatuluka m'kamwa mwa Ba Olipa. "Mwadzidzidzi" sanamulole kulowa ngakhale kamodzi.

Anailemba kasanu ndi kamodzi. Ndipo ndisakunamizeni kuti nsanje inali itatha. Masiku ena chimene chinkamudzutsa kuti alembe chinali chikondi cha amayi ake, masiku ena inali nkhope ya Purity imene ankafuna kudzaiona itagwa.

Kumapeto kwa nkhaniyo anawonjezera tsamba lathunthu lofotokoza phunziro lake. Linkayamba ndi "Choncho abale ndi alongo, tikuphunzirapo kuti," ndipo munali mawu olasa amayi awiri otsuka mbale aja, osawatchula maina koma mowaloza bwinobwino. Tsamba limeneli ndi limene ankalikonda koposa onse.

Ndiye kunabwera chilengezo: chaka chino nkhani zonse ziperekedwe zotaipa. Ndipo wotaipira achinyamata a mpingo, mwaulere, anali ndani? Mwadziwa kale.

Felistus anazungulira masiku atatu kope lili m'chikwama. Ankaona Purity akuba nkhani yake, kapena akusintha mawu mwadala kuti adzasekedwenso. Tsiku lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, anakamupeza atakhala pa benchi pansi pa mtengo kunja kwa maofesi a Boma.

"Nabweletsa," anatero, osapereka ngakhale moni. "Usachinje olo kamozi."

Purity anaika pambali chakudya chake n'kuyamba kuwerenga. Felistus anaima chilili, manja atapinda pachifuwa, akuyang'anitsitsa nkhope ya mnzakeyo kuti agwire pamene ayambire kuseka. Purity anatembenuza tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi anasiya kuwerenga, n'kuyang'ana kumsewu nthawi yaitali. Kenako anawerenga lachisanu, lija la phunziro, anatulutsa cholembera m'kachikwama n'kulikhwatcha lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Felistus analanda kopelo.

"N'naziba! N'naziba ine! Ni nsanje chabe!"

"Eee, ni nsanje," anatero Purity.



"Nakumvelela nsanje kuchokela pa peji yoyamba," anapitiriza Purity, maso ali ofiira. "Zaka zonse izi ine nilemba bangelo bamene sin'nabaonepo. Niziba pamene banthu bazakuwa Ameni, niika 'mwadzidzidzi' pamene apo, basi. Nikafika ku nyumba sinimvela chilichonse. Iwe walemba munthu wamene wenze kuyenda na Mulungu pa njinga. Ine iyi siningalembe."

"Nanga wakhwachila chani?"

"Chifukwa ba mai bako bakamba kale pa peji folo. Iwe ufuna kubakambila chani futi? Siliza pamene basilizila."

"Baja bazimai bafunika kumvela."

"Bazamvela. Ukabatukana bazakumbuka matukano, ba mai bako bazabaibala."

Felistus sanavomere. Anasiya kopelo pa benchi n'kuchoka ali wotupa. Mawa lake Purity anabwera yekha kumsika ndi mapepala otaipa bwino, opanda liwu limodzi losinthidwa. Masamba anayi anawamanga pamodzi. Lachisanu analitaipanso ndithu, koma analipereka palokha.

"Ni nkhani yako," anatero. "Uzaona wekha."

Lamlungu la chikondwerero linafika. Purity anawerenga yake poyamba, ndipo monga mwa masiku onse anthu anaimirira. Dzina la Felistus litaitanidwa, kunamveka kaphokoso ka anthu okonzekera kuseka. Wina kumbuyo ananong'ona kuti "Indetu," anzake n'kuseka chapansipansi.

Felistus anaima kutsogolo, masamba anayi ku dzanja lamanja, lachisanu ku lamanzere. Sanakweze mawu. Anayamba ndi amayi ake akumanga dengu pa kaliya m'mawa, akumangirira chitenje m'chiuno, akuponda pedulo.

"Ndiye amayi anati, 'Tiyeni, Ba Yesu.'"

Tchalitchi chinaseka.

Mtima wa Felistus unagwa. Anati basi, zachitikanso, Purity wandipha. Koma atakweza maso anaona kuti kuseka kwake n'kwina. Anthu ankagwedeza mitu, akugundana zigongono.

"Ni beve!" anafuula mayi wina wogulitsa makala. "Ni Ba Olipa bamene abo!"

Felistus anapitiriza. Anawerenga za zidendene, za mlamba wobisika pansi pa saka, za kamtsikana kokhala pa chitsulo cha njinga. Atafika pa mchenga paja, pa "Kankhani, Ba Yesu, ine nalema," palibe anaseka. Bambo wina wa kufakitale anaweramitsa mutu. Mayi wina anati "Mmm" motsitsa, monga munthu amene mawuwo akuwadziwa ngakhale sanawanenepo.

Kenako tsamba lachinayi. Felistus analiwerenga pang'onopang'ono.

"Linali Lachiwiri m'mawa. Amayi anali atatha, mkono wawo unali ngati wa mwana. Masiku awiri sanalankhule. Ndinawabweretsera phala, anakana ndi mutu. Kuwala kwa dzuwa kutalowa pa chitseko, anatembenuka n'kuyang'ana pamene panali njinga. Anayesa kukonza chitenje m'chiuno, monga ankachitira ponyamuka. Ndinati, 'Amai, mufuna chani?' Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana pambali panga, n'kumwetulira, n'kunena kuti, 'Tiyeni, Ba Yesu. Tachedwa.'"

M'tchalitchi munangoti zii. Kunja sitima ya katundu inkadutsa, ndipo anthu anaimva yonse mpaka bogi lomaliza.

Felistus anayang'ana tsamba lachisanu ku dzanja lamanzere. Anayang'ananso pa mzere wachitatu pamene panakhala amayi awiri aja. Mmodzi anali atagwira pakamwa. Winayo misozi inali ikutsika mpaka pa kolala ya bulauzi, osaipukuta. Felistus anali ndi mawu okonzeka owalasa nawo, mawu amene anawasula zaka zitatu.

Anapinda tsambalo kawiri n'kuliika m'thumba.

Woyamba kuimirira anali Ba Ackson, chipewa chili m'manja. Sanaombe m'manja, anangoima. Kenako benchi yakumbuyo yonse inaima, kenako ena, mpaka kutsogolo. Abusa anakweza dzanja. Pomaliza anati, "Ba Olipa tenze nabo zaka fifitini, ndipo sitinabazibe."

Potuluka, mmodzi wa amayi aja anamudikirira pakhomo. Anamugwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, n'nakamba voipa pa malilo ya ba mai bako. Kapena unamvela, kapena sunamvele. Unikhululukile."

"N'namvela," anatero Felistus. "Vasila, amai. Nakukhululukilani."

Chaka chimenecho kabuku kanatuluka ndi dzina la Ba Olipa pa tsamba loyamba, ndipo wotaipa anali Purity. Kanalowa m'nyumba iliyonse ya mpingo, kanafika ku Shimabala, ena anakatengera ku Chanyanya kumene asodzi ankawakumbukira mayi aja a njinga. Lero mukapita pamsika wa Kafue m'mawa, mudzamva amayi ena akusenza mabeseni awo n'kumati, "Tiyeni, Ba Yesu," ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kumene mawuwo anachokera.

Felistus akugulitsabe nsomba. Analembetsa sukulu yamasana kuti amalize pamene analekera, ndipo Loweruka lililonse achinyamata ofuna kulemba amabwera pa tebulo lake ndi makope awo. Funso lake ndi limodzi, ndipo amalifunsa akupala mamba: "Munthu uyu anakamba so zoona, kapena wamuvalika mau ya benangu?" Akapeza "mwadzidzidzi" amamuzunguliza ndi cholembera chofiira.

Za nsanje, sindinganene kuti inatheratu. Chaka chotsatira Purity analemba nkhani yopanda mngelo ngakhale mmodzi, ya bambo ake omwe anasiya mowa pang'onopang'ono, akugwa n'kudzuka, ndipo anapambana. Felistus anaiwerenga kasanu, akufunafuna polakwika. Sanapapeze. Anadandaula tsiku lonse, koma ulendo uno nsomba anakulungira nyuzipepala.

Purity akanakhala pano, ndime yotsatirayi akanaikhwatcha, n'kundiuza kuti nkhani yatha kale. Koma ine si Felistus, ndinena ndithu.

Iwe amene anakuseka kutsogolo kwa anthu, iwe amene ukuyang'ana tsitsi la mnzako nthawi ya pemphero, tamvera. Felistus anataya zaka ziwiri akubwereka pakamwa pa ena, chikhalirecho mawu amene ankafunika anali m'nyumba mwake, kuseri kwa chitseko, ndipo ankachita nawo manyazi. Nawenso uli nawo ako. Mwina ndi a pamsika, mwina amanunkha nsomba, koma ndi oona, ndipo palibe wina angawalembe.

Usataye mtima. Solola kope lija pansi pa bedi. Mchenga ulipo patsogolo, sindikubisira, ndipo udzatsika n'kukankha. Koma mawu onyamukira ukuwadziwa tsopano.